Aliyense Ankadziwa za Ulendo Wathu wa ku Orlando, Kupatula Ine

1

Ndine Nube. Ndimakonza tsitsi mu kasaluni kanga kuseri kwa msika wa ku Azogues, ndipo ndivomere msanga kuti ndine munthu wokayikira. Ndinabadwa nazo. Munthu akandiyamikira kuti diresi yandikhala, ine ndimapita pagalasi kukafufuza pamene yang'ambika.

Amuna anga, a Kléver, ndi kalipentala. Samwa, satukwana, sanandikwezerepo dzanja, koma kuumira kwake ndiye musanene. Amazimitsa nyale iwe usanatuluke n'komwe m'chipinda. Ndiye taganizirani mmene ndinadzidzimukira Lamulungu lina masana, tili pa tebulo, atangoika supuni pansi n'kunena kuti:

"Amene akufuna kukwera ndege akweze mkono."

Jhordy, mwana wathu woyamba wa zaka zisanu ndi chimodzi, anakweza mikono yonse iwiri. Anahí, wa zaka zinayi, anayang'ana kaye achimwene ake, nayenso n'kukweza, supuni ili m'manja, msuzi ukudonthera m'mutu.

"Tikupita ku Orlando, ku Amerika, ku paki ya masewera imene mumaiona pa TV ija. Akatungwe ozungulira, tisitima togwetsa mtima, zidole zoyenda ngati anthu, zonsezo. Tonse anayi."

Ana anadumpha n'kuyamba kuthamangitsana kuzungulira tebulo. Ine ndinangoti kukamwa yasa.

"Kléver, mwadwala?"

"Bwanji?"

"Si inu amene munakana kugula keke pa tsiku lobadwa la Anahí, ati shuga amawononga mano?"

"Munthu sasintha kodi? Ana amakula kamodzi, Nube."

Anatero akuyang'ana m'mbale, osati ine. Chimenecho ndinachisunga.

M'mawa mwake nkhaniyi ndinaifwamphula ku saluni, chifukwa chinsinsi m'kamwa mwanga chimatentha ngati mbatata yongophulidwa kumene. Makasitomala anga ambiri ndi akazi a amuna amene ali ku New York. Ali ndi nyumba zosanja, magalimoto ongoima m'magalaja, koma amagona atakumbatira mapilo. Ine nyumba yosanja ndinalibe, koma ndinkadzitama pamaso pawo kuti wanga ndiye amagona pakhomo, mkonono wake umalira m'khutu langa lomwe.

Doña Eulalia, mayi amene ndakhala ndikumudetsa imvi kwa zaka zambiri, anandiyang'ana pagalasi.

"Mwamuna woumira akayamba kupereka, mija, mwana wanga, pali chimene akulipira. Wanga anandigulira makina ochapira mwezi womwewo umene mkazi wake wachibwenzi anabereka."

Onse anaphulika nako kuseka. Inenso ndinaseka, koma mawuwo ndinapita nawo kunyumba.

2

Za ulendo zonse anazigwira Mireya. Mireya ndi komadre wanga, mayi wa ubatizo wa Anahí, ndipo amagwira ntchito mu ofesi yogulitsa matikiti a ndege. Tinakulira limodzi kumtunda ku Guapán, kumene amayi ake ndi amayi anga ankaluka zipewa za mlaza pakhonde limodzi. Iye kuluka kunamukana, anapita ndi sukulu. Tili ana tinkamenyana n'kutukwanana, koma chibatizireni Anahí tinayamba kuitanana kuti inu, monga mwa mwambo. Ndi mkazi wooneka bwino, wosakwatiwa, ndipo ali ndi mnyamata wa zaka khumi, Ariel, amene bambo ake sanawatchulepo kwa munthu, ngakhale kwa ine.

Anatikonzekeretsa bwino, zimenezo sindingamunamizire. Anatipezera hotela yotchipa yokhala ndi basi yopita ku paki. Anati tinyamule kangolo kokankhira mwana chifukwa Anahí sangayende tsiku lonse, ndiponso kuti tidzalembe nambala ya foni pamkono wa mwana aliyense kuopa kuti angasochere m'chikhamu. Anatiuzanso kuti tisitima tina sakwezamo mwana wamfupi. Kuyambira pamenepo Jhordy ankadziyeza pachitseko m'mawa uliwonse, ndipo tsiku lina ndinamupeza akupinda makatoni n'kumaika m'nsapato.

Tisanapite ku Guayaquil kukapempha viza, a Kléver ankakhazika ana pampando n'kumawayesa mayeso.

"Mzungu wa viza akakufunsani kuti mukupita kukatani?"

"Kukaona zidole!"

"Mukatha?"

"Tibwerera kwathu!"

"Bambo anu aakulu a Rigoberto, a ku New Jersey aja, musawatchule pokhapokha akafunsa. Mwamva?"

"Kléver," ndinatero, "ana akunena zoona. Nanga zoona amaloweza?"

"Aliyense amatero. Kafunse komadre wako."

Viza inatuluka. Ndinagula mabanzi kuti ndikamuthokoze Mireya ku ofesi, ndipo ndinapeza amuna anga ali kale komweko, mitu itagundana pa kompyuta. Nditalowa, mawu anathera m'kamwa. Mireya anatembenuzira kompyutayo kukhoma.

"Komadre! Mwatidzidzimutsatu."

"Ndaona. Pitirizani, ine ndi mlendo."

"Timangosankha mipando ya mu ndege," anatero a Kléver.

"Komanso ndili ndi nkhani yabwino," Mireya anathamangira kunena. "Inenso ndikupita. Abwana andipatsa gulu loti ndiliperekeze, ndipo Ariel ndikumutenga. Tikwera ndege imodzi."

Ndinamwetulira mpaka masaya anawawa.

Musandiyese chitsiru. Ndine mwana wa kuno, ndimadziwa kuti ena amapita kokaona zidole osabwerako. Pobwerera kunyumba ndinawafunsa amuna anga maso ndi maso.

"Simukufuna kukatsalira kumeneko, inu?"

"Matikiti ndi opita n'kubwera, wawaona wekha. Ndiye amayi ako angatsale ndi ndani?"

 Amayi anga, a Targelia, ali ndi ine ndekha. Bambo anga anapita ku New York ndili wamng'ono ngati Anahí, anakwatirako, ndipo ife tinangomva za maliro awo. Amayi anandilera ndi zipewa. Tsopano matenda a shuga anali atawagwira, m'maso mukuchita nkhungu, moti kuluka ndinali nditawaletsa. A Kléver ndinawauza tisanakwatirane kuti amayi sindidzawasiya ngakhale zitavuta maka, ndipo iwo ankadziwa kuti sindinkacheza. Choncho ganizo limenelo ndinalitaya, n'kutsala ndi linalo.

3

Kenako kunabwera za Lachinayi. Lachinayi lililonse masana a Kléver ankatseka shedi yawo n'kusowa ndi pikapu. Foni osayankha. Akabwera, ati ndinali kwa kasitomala ku Cuenca. Kasitomala wanji, pamene ntchito inali itauma, anthu onse akugula mipando yotchipa ya m'masitolo akuluakulu?

Tsiku lina anabwera ndi thumba la majekete a ana, onenepa, a ubweya m'kati.

"Mireya akuti ku Orlando kumatentha ngati ku Guayaquil. Awa ndi a chiyani?"

"Mu ndege mumazizira."

"Kuzizira koti mwana avale nkhosa yathunthu?"

"Anali otchipa. Iwe Nube ukanakhala wapolisi, ndende zikanadzaza kalekale."

Ndinafufuza, ndipo ndinapeza kuti wogulitsa majeketewo ndi msuweni wake wa Mireya. Posakhalitsa makina awo odulira matabwa, amene ankawapukuta kuposa mmene ankandisisitira ine, anasowa mu shedi. Ati apita kokakonzedwa. Ine mumtima ndinangoti: tikiti ya Ariel imeneyo.

Lamulungu ndinakwera ndi ana ku Guapán monga mwa nthawi zonse. Ndinapeza denga la amayi litakonzedwa, nkhuni zitasanjidwa mpaka kufika m'denga, ndipo kuchokera pakhomo mpaka kuchimbudzi anali atakhoma mitengo yogwira poyenda, yosalazidwa bwinobwino.

"Mamita, izi wapanga ndani?"

"Mkamwini wanga. Anangodutsa."

"Kudutsa kupita kuti? Msewu umathera pompano."

"Iwe, mafunso akowo adzakuthawitsira mwamuna. Tandisenderako mbatatazi."

Ndinasenda. Kenako ndinalephera kupirira.

"Mamita, mukuganiza kuti a Kléver ali ndi mkazi?"

Anaseka mpaka kutsokomola.

"Ameneyo? Mkazi wachibwenzi amafuna kugulilidwa zinthu, mija. Angamupirire ndani kupatula iwe?"

Atatero anaitana Jhordy, n'kumugwira mutu ndi manja onse awiri, zala zikuzungulira kuchokera pamphumi mpaka kunkhongo. Anachita chimodzimodzi ndi Anahí. Ndinangoti ndi chikondi cha munthu amene maso akumuthera. Maganizo anga anali pa mitengo ija. Mwamuna akayamba kusangalatsa apongozi ake chonchi, ndinkatero mumtima, ndiye kuti akukonzeratu mboni za tsiku la mlandu.

4

Lachisanu lina m'mawa ndinalowa mu pikapu, ati kufuna nsapato ya Anahí. Nsapatoyo inali kuphazi kwa mwini wake. Ndinatsegula paliponse potseguka, ndinanunkhiza mpando, kenako ndinapisa dzanja kuseri kwake. Ndinatulutsa kanthu kokulungidwa m'nsalu.

Chinali chipewa cha mlaza chosamalizidwa, chongochoka kumene m'manja mwa woluka, mlaza ukulendewerabe m'mphepete. Chikafika pamenepo chimayenera kupita kwa amisiri a m'tauni kuti achidule, achitsuke, n'kuchiwongola pa chikombole. Ndinachiyesa Jhordy ali pa kadzutsa: chinatsika mpaka pamphuno. Kwa a Kléver chinali chaching'ono, mutu wawo ndimaudziwa. Chinali cha mwana wa zaka khumi kapena kuposerapo pang'ono.

Ine ndine mwana wa woluka, chipewa ndimachiwerenga. Ichi chinali chomvetsa manyazi. Mizere inkayamba bwino n'kusochera, pena pothina pena potayirira, ndipo pamene mlaza unaduka anangomanga mfundo. Ku Guapán konse ndinkadziwa mkazi mmodzi yekha wa manja oipa chonchi: Mireya.

Chipewacho ndinachibisa m'chikwama changa cha ku saluni. Madzulo ndinaona pawindo a Kléver akugwedeza mpando wa pikapu, kuyang'ana pansi, thukuta lili kamukamu. Analowa m'nyumba, anandiyang'ana, anatsegula pakamwa n'kutsekanso. Sanafunse kanthu. Munthu wosalakwa akataya chinthu amafunsa.

Chimene ndinachita kenako chimandichititsabe manyazi. Ndinamutumizira uthenga Mireya kuti Ariel abwere ndimumete ulere, akaoneke bwino ku Amerika. Mwana anabwera, waulemu wake, n'kukhala pampando. Ndinamumeta pang'onopang'ono ndikuyang'ana makutu. A Kléver makutu awo ndi otambasuka. A mwanayu anali otambasukanso, kapena ine ndi amene ndinkawatambasula ndi chipeso. Ndinawerengera zaka, ndipo zinagwirizana, chifukwa munthu akafuna kuti zigwirizane zimagwirizana.

"Madrina," anatero, poti ankanditchula choncho, mayi wa ubatizo, ngakhale sindinamubatize, "mukundikoka khutu."

"Pepa, mwana wanga. Khala bwino."

5

Lamulungu lomaliza tisananyamuke, amayi anaumirira kuti pakhale phwando lotsanzikana kwawo. Ndinapeza mbira zikuwotchedwa pa ndodo, mzere wautali, ndipo khola linali pululu.

"Mamita, mwapha zonse? Ulendo wa masabata awiri?"

"Zimandithera msipu."

Kunabwera anthu ngati ukwati. Apongozi anga, doña Hortensia, anafika ndi ana awo aakazi onse, ndipo ankangokumbatira ana anga n'kumasisima. Ndinaganiza kuti akuopa ndege. Anansi anabwera ndi mote, chimanga chathu chowiritsa, ena ndi mbatata, ena ndi botolo. Ndinamwako kachasu wotentha wa sinamoni, ine amene sindimwa. Chikwama changa chinali pamiyendo.

Chakudya chisanagawidwe ndinaona kuti mipando iwiri ilibe anthu. Ndinazungulira kuseri kwa nyumba mwakachetechete. Anali ataima pafupi ndi nkhuni zija. Mireya ankapukuta misozi, dzanja lina litagwira mkono wa amuna anga.

"Muwauze lero, kompadre. Ine sindingathenso kuwayang'ana m'maso."

"Ndinalumbira, komadre. Mpaka tikafike."

Sindinadikire zina. Ndinabwerera pa tebulo, ndinawalola akhale pansi, kenako ndinaimirira n'kugogoda kapu ndi supuni.

"Abale, ndisanakwere ndege ndikufuna ndibweze katundu kwa mwini wake."

Ndinatulutsa chipewa chija n'kuchiponya patsogolo pa Mireya.

"Tenga, iwe. Umuveke mwana wakoyo akamakayenda ndi bambo ake ku Orlando. Kapena mumaganiza kuti ine ndikakhala wolera ana inu mukukwera akatungwe awiriwiri?"

"Nube, khala pansi," anatero a Kléver. Nkhope yawo inali itasanduka phulusa.

"Musandikhazike! Makina munagulitsa kuti mugulire ndani tikiti? Lachinayi mumapita kuti? Anthuni, tayang'anani makutu a mwana uyo, muyang'anenso a awa!"

Ariel anagwira makutu ake. Mireya ankangondiyang'ana, ndipo zimenezo zinandipsetsa mtima koposa. Ndinachitolanso chipewacho n'kuchikweza m'mwamba kuti onse achione.

"Kuba mwamuna ukutha, koma kuluka kunakukana mpaka lero. Taonani mizere, ngati njira ya woledzera! Taonani mfundo! Ngakhale wakhungu akanaluka bwino kuposa apa. Amayi anga chotere akanachiponya pamoto. Mamita, tachigwirani mumve mmene hule amalukira."

Ndinachiika m'manja mwawo ndekha. Anachizungulira ndi zala pang'onopang'ono, anapeza mfundo ija, n'kuima pamenepo.

"Wakhungu ndiye waluka, mija," anatero. "Ndine."

6

 Mafuta a mbira okha ndi amene ankamveka akuthetheka pamakala.

"Hortensia, tapita kuchipinda kwanga, pansi pa bedi pali dengu," anatero amayi.

Apongozi anga anabwera nalo. Munali zipewa zomalizidwa bwino, zovekedwa malamba, zolowetsana china m'chinzake. Amayi anazitulutsa chimodzichimodzi.

"Ichi cha Anahí, cha chaka chino. Ichi akadzayamba sukulu. Ichi akadzalandira Ukalistia woyamba. Izi za Jhordy. Chimene wanyozachi ndi chake chomaliza, adzavale akadzakhala mnyamata. Ndinayamba ndi zazing'ono maso akuonako. Chachikuluchi ndaluka ndi zala zokha. Mwamuna wako amabwera Lachinayi kudzandikonzera pakhomo n'kutenga chimene ndamaliza kupita nacho kwa amisiri."

Ndinayang'ana zipewazo, kenako amayi.

"Akadzakhala mnyamata? Mamita, bwanji osadzamupatsa nokha?"

 Ndinayang'ana apongozi anga, alamu anga, anansi. Aliyense ankayang'ana m'mbale, monga anachitira a Kléver tsiku loyamba lija.

"Sitimabwerera, Nube," anatero amuna anga. "A Rigoberto andipezera ntchito yokhoma madenga. Akudzatitenga ku hotela tsiku lomaliza. Kuno kwandikanika. Ndinkafuna kupita ndekha, njira yapansi, ngati anzanga. Ndinabwera kudzatsanzika kwa amayi ako poyamba, iwo n'kundikaniza."

"Ndinamuuza kuti akapita yekha ndimutemberera," anatero amayi. "Apite ndi mkazi wake ndi ana ake, pa ndege, ngati anthu. Ndipo ndinamulumbiritsa kuti asakuuze mpaka mutafika, chifukwa ndimakudziwa. Ukanang'amba pasipoti."

"Nonse mumadziwa?"

Mireya anaimirira, n'kumugwira dzanja mwana wake.

"Bambo ake a Ariel anafera m'chipululu, komadre, akupita komweko. Anali ndi banja lawo kuno, n'chifukwa chake sindinawatchule. Mwana ndimadikira akule kaye. Tsopano wamva, ndipo mudzi wonse wamva. Zikomo."

Anatsika msewu wapansi, osacheuka. Anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi, mbira zili pamoto.

Ndinagwada pafupi ndi mpando wa amayi. Ndinkafuna kupepesa za chipewa, koma mkwiyo unatsogola.

"Mwandigulitsa, Mamita. Mwana wanu yemwe."

"Ndakupulumutsa. Ine ndinatsalapo, kutsala ndikukudziwa. Mwamuna akapita yekha, poyamba amatumiza ndalama, kenako zithunzi, kenako zii. Ukufuna Anahí akule akuyang'ana kumsewu ngati iwe?"

"Nanga inu?"

"Ine ndili ndi mitengo yogwira, ndili ndi anansi. Maso anga apita kale, ukatsala sabwerera. Koma banja lako likadalipo. Mapanga awiri avumbwitsa, mija. Sankha limodzi, ndipo ine ndakusankhira kale."

Ndinalira pamiyendo pawo ngati mwana. Anandisisita m'mutu, koma mawu awo sanabweze.

7

Tinapita. Ana anali atauza sukulu yonse, ndipo Jhordy anali atakula mokwanira popanda makatoni. A Kléver ndinawauza kuti ndikaganizira konko. Iwo anakhulupirira kuti ndikangoona misewu ya kumeneko mtima udzatembenuka. Mireya anasinthitsa mipando, iye ndi Ariel anakhala kumbuyo kwenikweni kwa ndege, ndipo ulendo wonse sanandiyang'ane.

Pakiyo inali monga ankanenera. Dzuwa loswa mtengo, mizere yaitali, nyimbo paliponse. Anahí anaopa chidole choyamba chimene chinamupatsa moni, analira, kenako anakana kuchisiya mwendo. Jhordy anakwera kasitima kogwetsa mtima, anatsika ali mbuu, n'kunena kuti akwerenso. A Kléver anagula chilichonse chimene ana analoza, osafunsa mtengo, ndipo zimenezo zinkandipweteka kuposa kuumira kwawo. Pa mzere uliwonse ankandinong'oneza:

"Waganiza?"

"Ndikuganiza."

Ndinkaganizadi. Ndinkawaona atanyamula Anahí paphewa, makutu awo aja atapsa ndi dzuwa, ndipo ndinkadziwa kuti ndimawakonda munthu ameneyu. Tsiku lina ndinafika povomera mumtima.

M'mawa wa tsiku lomaliza, zikwama zili pakhomo, ndinaimbira amayi foni ya kanema kudzera kwa mwana wa anansi. Anaoneka atakhala pakhonde, atapesa bwino, akumwetulira. Koma ankamwetulira kumbali, kuyang'ana chipupa, pamene foni inali kutsogolo kwawo.

"Ndikukuonani nonse bwinobwino," anatero mokweza. "Anahí, diresi yako yofiirayo yakukhalatu!"

Anahí anali atavala kabudula wachikasu. Dzanja lamanja la amayi linali lokulungidwa m'nsalu, ndipo nditafunsa anati n'kudzikanda chabe. Mwana wogwira foniyo anaitembenuzira kwa iye, anapukusa mutu n'kuloza ku mbaula.

Panja panali magalimoto awiri: minibasi ya a Rigoberto, imene inayenda ulendo wautali kuchokera ku New Jersey, ndi basi ya ku bwalo la ndege.

"Ana akwera basi ndi ine," ndinatero.

"Nube, chonde. Ine sindingabwerere. Makina ndinagulitsa, ndikadya chiyani, utuchi?"

"Ndikudziwa."

"Ndiye tiye. Amayi anatidalitsa okha."

"Anadalitsa, koma akupsa manja."

Anakhala pa chikwama, n'kuphimba nkhope. A Rigoberto analiza hutala.

"Sindikhalitsa," anatero pomaliza. "Ndikangopeza poyambira ndibwera."

"Onse amatero, Kléver."

Anapsompsona ana, anandigwira dzanja nthawi yaitali, ndipo ine sindinalichotse mpaka woyendetsa basi ataitana. Jhordy anafunsa chifukwa chimene bambo ake akukwerera galimoto ina. Ndinamuuza kuti akutitsatira.

Titafika ku Guapán tinapeza amayi ali pakhonde. Anatchera khutu tikukwera kanjira.

"Ndikumva mapazi a anthu atatu," anatero. "Wachinayi ali kuti?"

"Watsala, Mamita."

"Chitsiru," anatero. "Chitsiru cha mwana. Ndavutikiranji?"

Ankanditukwana misozi ikutsika, manja akufufuza nkhope yanga. Ataipeza sanaisiye.

8

Papita zaka tsopano. Amayi ndinawatenga, amakhala nafe kuseri kwa saluni, ndipo saonanso chilichonse. Ndimawasambitsa, ndimawabaya jakisoni, ndipo tikakangana amandikumbutsa kuti iwo sanandiitane. Kwa Mireya ndinapita kukagwada. Anandimvetsera ataima pakhomo, anati wandikhululukira, koma m'nyumba sanandilowetse. Tikakumana ku msika amati "Mwaswera bwanji, doña Nube," ndipo mawu akuti komadre sindinawamvenso. Ku saluni ndinasiya kudzitama. Doña Eulalia anangondipatsa pilo watsopano wokulungidwa bwino, ndipo tonse tinaseka mpaka kulira.

Inu amene mukuwerenga, makamaka amayi anzanga okhala ndi mphuno yonunkhiza ngati yanga, sindikuuzani kuti musamakayikire. Chinsinsi chinalipodi, mphuno yanga sinaname. Koma ndinali nditasankhiratu wolakwa, ndiye chilichonse chimene ndinkapeza ndinkachikokera kwa iyeyo, mpaka makutu a mwana wosalakwa. Ndikanafunsa modekha, mwina wina akanandimvera chisoni n'kundiuza. M'malo mwake ndinanyoza manja amene anandilera, pamaso pa anthu, ndipo mawu amenewo ngakhale nditasamba nawo misozi sachoka. Ngati ndinasankha bwino pakhomo la hotela paja, musandifunse. Masiku ena ndimati inde, ena ndimati amayi ananena zoona.

A Kléver amatumiza, sanaphonyepo mwezi. Amaimba Lamulungu, ngakhale kuti masiku ano amayankhula kwambiri ndi ana kuposa ine. Mwezi wathawu tikuyankhulana ndinamva mawu a mkazi chapatali, mawu a munthu womasuka m'nyumba mwake: "Kléver, chakudya chikuzizira." Iwo anathamangira kunena kuti ndi mwini nyumba.

Ine amene ndinanunkhiza mipando ya galimoto kufunafuna mkazi pamene kunalibe mkazi, sindinafunse funso ngakhale limodzi. Amayi anali pambali panga, ndipo makutu awo ndi akuthwa kuposa anga. Anandigwira bondo.

"Pitani mukadye," ndinatero. "Chingazizire."